Mutu Wachitatu pa Thabwa la Ometa

A Amon Daka atamwalira, pakhomo pawo sipanatsale chithunzi chawo chooneka bwino. Zakale zinavunda m'katoni chaka chimene madzi a mvula analowa m'nyumba ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe, ndipo zatsopano zinapita ndi foni imene mwana wawo Damaris anaberedwa m'minibasi. Kanatsala ndi kachithunzi ka pa chitupa cha kumgodi, kotuwa ngati phulusa.

Caleb, mlongo wake wa Damaris, anati akakonza pa kompyuta. Panatuluka mwamuna wosalala masaya, mano oyera mbee, ngati wowerenga nkhani pa TV. Amayi awo, a Betty, amene tsopano ankakhala ndi Damaris ku Lubuto, mumzinda wa Ndola, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachibweza.

"Ndi munthu wooneka bwino," anatero. "Koma ine sindinamuphikirepo."

Loweruka lina Damaris anapita ku Kitwe kukazonda mnzake wodwala. Atatsika ku Chimwemwe anadzera kuseri kwa msika. Pakhomo pa kachipinda kometera tsitsi panatsamira thabwa lakale lojambulapo mitu isanu ya amuna, uliwonse ndi kametedwe kake. Utoto unali utayamba kukanganuka. Mutu wachitatu unamuimitsa: khutu lakumanzere lotambalala, kachipsera kodula nsidze, ndi milomo yopindikira mbali imodzi ngati munthu wobisa nthabwala. Inali nkhope ya bambo ake.

Atafunsa, wometa wa m'chipindamo anamuuza m'Chibemba kuti thabwalo analipeza momwemo pamene ankalowa m'chipindacho, koma analijambula ndi ba Boyd, ndipo akadali moyo, mizere itatu ya nyumba kuchoka pamenepo.

Anawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, mkulu wa imvi, malaya ali mathothomathotho a utoto, akulemba dzina la golosale pa lata. Dzanja lawo linkanjenjemera akamaviika burashi m'chitini, koma likafika pa lata linkayenda mowongoka. Damaris anapereka moni, nafotokoza chimene anaona.

"Amon wa Mboni za Yehova?" Ba Boyd anaika burashi pansi, naseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ankandigogodera Loweruka lililonse, magazini ali m'chikwama. Ndinamuuza kuti ndimvetsera, bola akhale chete pa mpando osagwedeza mutu. Iye akulalikira, ine ndikujambula. Iye sananditembenuze, koma ine ndinamumaliza."

"Atate ankadziwa kuti ali pa thabwa?"

"Ankadziwa. Anati ndisawauze amayi anu."

Damaris atawauza kuti a Daka anamwalira zaka ziwiri zapitazo, mkuluyo anavula chipewa. Kenako Damaris anafunsa ngati wometa uja angalole kumupatsa thabwalo.

"Lisiyeni, dzuwa lalidya kale. Ndikujambulirani china. Masiku ano anthu amathamangira zosindikiza pa makina, ndiye nthawi ndili nayo yambiri." Anamuyang'anitsitsa. "Mutu ndikuukumbukira, koma maso andithawa. Khalani apo, mayo, muyang'ane kumpanda. Maso anuwo ndi ake."

Maloweruka atatu Damaris anakwera basi kuchoka ku Ndola, n'kumakhala pa mpando wopanda choyedzamira, fungo la utoto likumuyabwa m'mphuno. Ba Boyd sankalola kuti asuzumire. Ankangojambula uku akukamba. Anamuuza kuti bambo ake ankaopa agalu kuposa kugumuka kwa miyala pansi pa mgodi, kuti chipsera chija sichinali cha kumgodi monga ankanenera kunyumba koma cha njinga yobwereka, ndiponso kuti tsiku limene Damaris anabadwa anafika osalalikira n'komwe, anangokhala akumwetulira mpaka tiyi anazizira. Damaris ankaseka, nthawi zina misozi n'kumatsika, ndipo mkuluyo ankamukalipira kuti asagwedezeke.

Chithunzicho chitauma anachikulunga m'chitenje, nachinyamula pamiyendo ulendo wonse. Kunyumba anachiimika pa tebulo. A Betty anavala magalasi, nasendera pafupi. Anagwira kachipsera kaja ndi chala, pomwe utoto unatukuka pang'ono, ndipo chalacho chinakhala pamenepo.

"A Daka," anatero motsitsa. "Mwachedwa kubwera."

Analira pang'ono, napukuta maso ndi nsonga ya duku. Kenako anakwinya nkhope.

"Koma batani ili. Bambo ako sankatuluka m'nyumba batani lapakhosi lili lomasula. Ndani anawaona choncho?"

Damaris anaimbira ba Boyd akuchita manyazi. Iwo anangofunsa kuti ku Lubuto amatsikira pati. M'mawa mwake cha m'ma 10 anafika atavala jekete, kaburashi kakang'ono kali m'thumba la malaya, ndi utoto woyera m'kabotolo ka mankhwala. Anagwada pa tebulo, nakhudza kawiri katatu, batani linatsekeka.

A Betty anawomba m'manja atagwada, monga amachitira kwawo ku Petauke.

"Zikomo, atate. Mulungu asunge manja amenewa."

"Natotela, mukwai," anayankha mkuluyo pothokoza m'Chibemba, akupukuta burashi pa mpango.

Sanawalole kubwerera msanga. Damaris anapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo ali kukhitchini anamva amayi ake akufunsa za njinga yobwereka ija, imene iye anali atawafotokozera kale, kenako akuseka kwambiri mpaka mnansi anasuzumira pa zenera.