Kabokosi Kanalowa Madzi

Galimoto itaima pabwalo m'mawa uja, a Yosefina anali kuseri kwa nyumba akuthyola chibwabwa. Atasuzumira anaona kuti wotsikamo ndi Alfonsi, mwamuna wa mwana wawo Charity. Anali yekha, malaya osasita, nsapato zili matope okhaokha. Masamba aja anawagwa m'manja.

Alfonsi anali makaniko pa galaja ina ku Chipata, ndipo iye ndi Charity ankakhala ku Nabvutika, m'tauni momwemo. Charity anali ndi pakati pake poyamba, koma mmene amayi akewo ankadziwira, mwezi wake unali usanakwane.

Chikwatire mwana wawo, a Yosefina ndi mpongozi wawoyu anali asanayankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira mmodzi ankapatukira m'thengo, ndipo uthenga uliwonse unkadzera kwa a Gabrieli, amuna awo. Koma a Gabrieli anali atapita dzulo lake ku Mtenguleni kukavina pa mwambo wa Ncwala, ndipo pafupifupi mudzi wonse unawatsatira. Choncho Alfonsi ananjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, nayankhula ngati akuuza nkhokweyo. Anati Charity wadwala, ali kuchipatala chachikulu, ndipo akufuna amayi ake.

A Yosefina ankawadziwa mawu amenewo. Mkulu wawo atamwalira ku Katete, wamthenga ananenanso chimodzimodzi, kuti wadwala, bwerani, ndipo iwo anakapeza anthu atatulutsa kale mipando m'nyumba. Anafuna kufunsa, koma mpongozi amamufunsa bwanji funso lotero? Analowa m'nyumba, namanga zitenje, kampoto, ufa pang'ono ndi machesi, nakoleka korona m'khosi. Anakakhala kumpando wakumbuyo, kumbali imene maso awo sakanakumana ndi a Alfonsi pagalasi.

Galimotoyo sinali yake. Abwana ake a kugalaja anamubwereka, ndipo inali imodzi mwa zija zinayamba kubwera zaka zimenezo kuchokera ku Japan, zofupika, zosalira kwambiri, zopangidwira tala. Mudzi wa a Yosefina unali mkati ndithu kuseri kwa Madzimoyo, ndipo pakati pa mudziwo ndi msewu waukulu panali kamtsinje kopanda mlatho. Pobwera, Alfonsi anawoloka madzi akulekeza m'mateyala. Tsopano anali atakwera, ofiira, akukokolola zinyalala, chifukwa kumapiri mvula inali itagwa yambiri. Alfonsi anaima, nayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenaka analowetsa giya.

Ali pakati pa mtsinje, a Yosefina anamva kuzizira kumapazi. Madzi anali akulowera pansi pa zitseko. Galimoto inalimbana nawo, inakwera tsidya linalo, inatsokomola, n'kuzima.

Alfonsi anatsegula boneti, napukuta mawaya ndi malaya ake, nayesanso kuliza. Injini inkazungulira koma osagwira. Atayesa kachiwiri analeka mwadzidzidzi ngati wakumbukira chinthu choopsa. Anathamangira kukamasula waya wa batire, kenaka anatsegula chitseko chakutsogolo, nagwada m'matope, nakanganula kapeti pamene wokwera amaponda. Madzi anali tho. Anakhala chigwadire, mutu uli pampando.

A Yosefina ankamuyang'ana cham'mbali. Munthu wamkulu angagwade chonchi chifukwa cha motoka? Kapena wapeza pobisalira kuti alire za mkazi wake? Anaona kuti maso ake ndi ofiira. Anayesa kumuwerenga monga amawerengera mitambo, koma sanapeze yankho.

Patapita nthawi Alfonsi anatulutsa pansi pa kapeti paja kabokosi kachitsulo, kaphanthiphanthi ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. Atakapendeketsa, madzi amatope anatuluka pakona.

A Yosefina anatsika, nakakhala pamwala, atapereka msana. Anayankhula molunjika kumtengo wa msuku umene unali patsogolo pawo. Anati lole ya thonje ikafa pamudzi, anthu amaikankha n'kulira, kodi iyi singakankhidwe? Amenewo anali mawu awo oyamba kwa iye chikwatire.

Alfonsi anayankha nayenso akuyang'ana kwina. Anati lole ija ili ndi njira zake zakale zimene munthu amaziona ndi maso n'kuzikonza ndi sipanala. Iyi ilibe kabuleta, kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya ka m'magalimoto akale. Kabokosi aka, kamene kugalaja amakatchula kuti kompyuta, ndiko kamauza injini kuti tsopano thira petulo wochuluka chonchi, tsopano yatsa moto kupulagi iyi, tsopano iyo. Popanda iko, ngakhale mudzi wonse ukankhe mpaka ku Chipata, injini singagwire. Ndipo kakalandira magetsi kali konyowa kamapsa, ndiye kuti basi, kena kotere sikapezeka m'sitolo iliyonse ya m'tauni.

"Ndayesa kuliza kawiri kali m'madzi, apongozi," anatero. "Sindidziwa ngati sikanapse kale."

Anakambirana zoyenda pansi. Koma kutala kunali kutali, bondo la a Yosefina linali lotupa chiyambire dzinja, ndipo Alfonsi anati tsiku la Ncwala magalimoto onse amakhala akulowera ku Mtenguleni, obwerera amadzaza mpaka padenga. Panjirapo sipankadutsa ngakhale njinga. Chotsala chinali kuumitsa kabokosiko.

Alfonsi anamasula tizomangira take, nakatsegula. Mkati munali kathabwa kobiriwira kodzaza ndi tinthu ting'onoting'ono ngati mikanda, tonse titapakika matope. Anatsuka ndi madzi akumwa a m'botolo, nauzira ndi pakamwa, nakaika pamwamba pa injini kuti kamve kutentha. Koma injiniyo inali itazizira kale ndi madzi a mumtsinje. Dzuwa nalo linkangotuluka pang'ono n'kubisalanso.

Chapafupi panali chisakasa cha wolondera anyani m'munda wa chimanga, mwini wake kulibe. A Yosefina anatsomphola udzu wouma kunsi kwa denga lake, natola tinkhuni, nakoleza moto. Alfonsi ataona anadzidzimuka, nati kabokosiko sikafuna lawi ngakhale utsi, tinthu tija tingasungunuke. Iwo sanatsutse. Anamasula mtolo wawo, natenga chitenje chimodzi mwa zimene anatengera Charity, nachiwamba pamoto mpaka chinatentha bwino, nachiika pansi pakati pa iwo ndi iye. Alfonsi anachigwira ndi kuseri kwa dzanja, naganiza pang'ono, nakulunga kathabwa kaja. Chikazizira ankachibweza pamalo pomwepo, iwo n'kuikapo china chofunda. Manja awo sanakhudzane.

Ntchitoyo inatenga nthawi. Nthawi zina Alfonsi ankatulutsa kathabwako, nakayang'anitsa kudzuwa, napeza kadontho kobisala pansi pa kanthu kena, nakakulunganso. A Yosefina ankayamba Tikuoneni Maria n'kusokonezeka pakati. Ankaona Charity ali wamng'ono akuthamangitsa nkhuku, kenaka ankaona mipando ili panja ku Nabvutika, azimayi atakhala m'mbali mwa khoma. Ankadzifunsa kuti ngati mwanayo ali moyo, bwanji mwamunayu sanatchule za khanda? Ndipo ngati wapita, bwanji akuvutika chonchi ndi kufulumira? Koma maliro nawonso amafulumiriridwa. Ganizo lililonse linkabwera ndi linzake lolitsutsa.

Dzuwa litapendeka, mitambo yakuda inayambanso kuunjikana cha kumapiri. A Yosefina anaona kuti sangathenso kupirira. Anaika chitenje pansi, natembenuka, namuyang'ana Alfonsi kumaso.

"Apongozi, kuno kulibe wotiona. Ndiuzeni zoona. Mwana wanga ali moyo?"

Alfonsi anakweza mutu. Zinaoneka kuti funsolo linamudabwitsa, kenaka anamvetsa chimene mayiyu anasenza tsiku lonse, ndipo nkhope yake inagwa.

"Pamene ndimachoka anali moyo, amayi. Sindinakunamizeni. Koma za tsopano sindidziwa."

Atatero mawu anatuluka okha. Anati matenda anayamba dzulo madzulo, mwana anagona mopingasa, madokotala anachita opaleshoni. Khanda linatuluka lamoyo, lalikazi, laling'ono kwambiri. Koma Charity anataya magazi ambiri. Iye anapereka ake, mlongo wake Molly anaperekanso, ndipo Molly yemweyo ndiye anatsala pambali pa bedi. Charity atatsegula maso kamodzi anangoti akufuna amayi ake, ndipo nesi wina anamukokera Alfonsi pambali namuuza kuti ngati amayiwo ali kotheka kuwatenga, asachedwe. Za khandalo sananene kumudzi kuja chifukwa anachita manyazi kutchula za uchembere pamaso pa apongozi.

A Yosefina sanalire. Mantha sanachoke, anangosintha malo. Poyamba ankaopa chimene chachitika kale, tsopano ankaopa nthawi imene inkapita iwo ali pansi pa chisakasa. Anafunsa ngati kabokosiko kauma. Alfonsi anati akanakonda kudikirabe, chifukwa kadontho kamodzi kotsala kakhoza kuwononga zonse, ndipo mwayi woyesa ndi umodzi. Onse anayang'ana kumitambo. Mphepo yozizira inali itayamba kugwedeza chimanga.

"Yesani," anatero a Yosefina.

Alfonsi anatseka kabokosi, napukuta mapulagi a mawaya ake mmodzimmodzi, nakalumikiza, koma sanakabwezere pansi ponyowa paja. Anapempha a Yosefina kuti akhale kutsogolo akanyamule pamiyendo. Anazengereza pang'ono, nakhala. Alfonsi anamanga waya wa batire, nalowa, napotoza kiyi pang'ono chabe. Kumbuyo kunamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi, ndipo iye anati imeneyo ndi pampu ya petulo, kabokosi kayiuza kuti iyambe. Anapumira m'mwamba, napotoza kiyi mpaka kumapeto.

Injini inazungulira, inagwira, inazima. Anayesanso. Inagwira, ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, koma sinazime. Kanyale kachikasu kanayaka patsogolo pake n'kukhala chiyakire.

Ulendo wotsalawo unali wowawa kuposa kudikira kuja. Galimoto inkakana kuthamanga. Alfonsi akaponda kwambiri inkatsamwa, ndipo anati kabokosiko kakuona kuti china sichili bwino, choncho kakungopereka petulo wongokwanira kuyenda. Pa chitunda chilichonse a Yosefina ankakafinya kabokosiko ndi manja onse, akumva kakufunda pamiyendo pawo, osadziwa ngati kufundako n'kwabwino kapena ndiko kupsa. Atafika patala mvula inayamba. Malole odzaza anthu ochokera ku Mtenguleni ankawapitirira, amuna atavala zikopa akuimba, ena akuwakuwiza kuti achoke pamsewu. A Yosefina anaganiza kuti mwina a Gabrieli ali m'lole ina mwa zimenezo, osadziwa kanthu.

Galimoto inazimanso kamodzi polowa m'tauni, pamphambano, ndipo anthu a njinga anawazungulira. Alfonsi anadikira, milomo ikuyenda, nayesanso, ndipo inalola.

Pachipata cha chipatala a Yosefina anaika kabokosi pampando natsika injini isanazime. Bondo analiiwala. M'khonde munali anthu ambiri ogona pa zitenje, ndipo iwo ankayang'ana nkhope iliyonse kufuna ya Molly, amene anamuonapo kamodzi kokha pa ukwati. Ndi Molly amene anawazindikira. Anaimirira pakhomo la wodi, nawagwira dzanja, nawauza kuti masana zinavuta kwambiri, anamuwonjezeranso magazi, ndipo dokotala wati usiku uno ndiwo unene.

Charity anali pabedi lakumapeto, dilipi ili pamkono, milomo yotuwa ngati phulusa. A Yosefina anakhala pansi pambali pa bedilo, nayang'anitsitsa nsalu ya pachifuwa pake mpaka anaona kuti ikukwera ndi kutsika. Anaika dzanja pamphumi pake. Patapita nthawi Charity anatsegula maso pang'ono, nawayang'ana, nafunsa ndi mawu otsika ngati amuona mwanayo.

A Yosefina anati sanamuone, amuona bwinobwino iye akamwa kanthu. Anatuma Molly kuti akafunse anesi ngati wodwalayo akuloledwa phala, ndi kuti akapeze pamene olera odwala amakolezera moto.