Mwala wa Pasingan

Kodi sitima imene inagona pansi pa Mwala wa Pasingan inali ya yani, ya Ajapani kapena ya Aamerika? Ganizani yankho lanu, mulisunge. Ife a m'mudzi wa pachilumba wa Ngavasul tinatsutsana za funso limeneli mpaka pakhomo la tchalitchi, koma amene linawaondetsa anali amalume anga, a Pasingan, eni ake dzinalo.

Malowo anawatulukira okha ali mnyamata. Ali patali ndithu ndi gombe, pamene madzi amada bii, ndipo kuti uwapeze umalunjikitsa nsonga ya phiri ndi mtengo wautali wa kuseri kwa sukulu. Ukaponya mbedza, chingwe chimatsika mpaka dzanja kutopa, kenako nsomba zofiira zonenepa ngati ntchafu zimayamba kukoka. Mbedza zambiri zinkakodwa pansipo n'kuduka, choncho tonse tinkangoti pali mwala. Amalume analera ana awo ndi nsomba za pamenepo, pamodzi ndi ife ana a mlongo wawo.

Bambo awo, a Boski, sanawadziwe. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amalume ali khanda la kumsana, sitima yoyenda pansi pa madzi inavuuka kuseri kwa matanthwe itabereka boti lachitsulo pamsana. Inkagawa mpunga kwa asilikali a Japani a m'zilumba, ndipo botilo ndi limene linkatula matumba kumtunda. Ankafuna munthu wodziwa mipata ya pakati pa matanthwe a zilumba za kumadzulo kuti akawongolere botilo, ndiye anatenga a Boski. Agogo anga aakazi anawaona akukwera, ndipo sanawaonenso. Masana a tsikulo kunamveka ndege ndi kuphulika cha kunyanja, koma masiku amenewo kunkaphulika tsiku ndi tsiku.

Kwathu mwana ndi wa mtundu wa mayi ake, koma womudyetsa ndi bambo. Bambo akamwalira, ana amakonza mwambo wa chiliza: amatunga madzi kapena kutapa dothi pamalo pamene anafera, amaitana mzimu wake kuti ubwere kumudzi, n'kupereka nkhumba kwa akuchimuna pothokoza chakudya chimene anawadyetsa. Amalume anachitira ena mwambo umenewu kosawerengeka, kunyamula nkhumba za eni ake ndi kutenthetsa miyala yophikira, koma wa bambo awo unkakanika. Woyang'anira akuchimuna anali msuweni wawo, a Kaminiel, ndipo nthawi iliyonse ankakana.

"Msuweni, uthokoza chiyani?" ankatero akutafuna buai, mtedza wofiiritsa m'kamwa, milomo ili psuu. "Munthu anachoka iwe ukuyamwa. Ngati pali amene anakudyetsa, ndi mayi ako. Nanga madziwo tikatunga pati, nyanja yonseyi? Ukufuna tiitane mzimu wa shaki?"

Sikuti ankadana. M'mawa uliwonse ankakhala limodzi pa bwato lakale lovundikira, kunyozana za mano oguluka. Koma mwambo ndi mwambo, ndipo onse awiri anali atakalamba. Mawu oitanira mizimu ya mtundu wa a Boski ankawadziwa a Kaminiel okha.

Chaka china sitima yoyeza pansi pa nyanja inadutsa kwathu n'kuona chinthu chachitali chitagona pamalo a amalume aja. Patapita miyezi kunabwera mayi wina wa ku Australia, a Glenys Tranter, amene ntchito yawo ndi kufufuza sitima zomira. Popeza ndimaphunzitsa pasukulu ya m'mudzi, anandipempha kuti ndiziwamasulira. Pamsonkhano wa pansi pa mtengo anatiuza kuti Mwala wa Pasingan si mwala, koma sitima ya pansi pa madzi. M'madzi athu munasowa sitima ziwiri zotere, ina ya Ajapani, ina ya Aamerika, ndipo palibe ankadziwa pamene iliyonse inamirira. Anthu ake anali adakali m'katimo.

Ndinamasulira mawu amenewo ndikuyang'ana amalume. Anadzuka pang'onopang'ono n'kupita kunyumba, ndipo kuyambira tsikulo sanadyenso nsomba.

Akazi awo, a Malpo, anayesa zonse. Anaphika nsomba za kumatanthwe a pafupi, anagula ngakhale ya m'chitini kugolosale, koma amalume ankangokankha mbale n'kudya koko wouma. Amalumewo anandiuza chapansipansi kuti akatseka maso amaona nsomba zofiira zikulowa ndi kutuluka m'nthiti za bambo awo, iwo akuzikoka n'kukadyetsa ana. Nsalu yawo ya m'chiuno inayamba kuvuka, moti ankaimanga ndi chingwe cha mbedza.

Anthu ankawapanikiza a Glenys kuti angonena maganizo awo, koma iwo anakana. Anati ku Japani ndi ku Amerika kuli mabanja amene akudikira, ndipo kuuza munthu kuti bambo ake apezeka, kenako n'kubwera kudzati pepani tinalakwitsa, ndi kumuphera bambo kachiwiri. Pansipo ndi pozama moti munthu sangafikepo, ndiye anatsitsa kamakina kokhala ndi kamera ndi nyali, komangidwa ku chingwe chachitali. Ine ndi amalume tinakwera nawo boti kukaonera pa kanema.

Poyamba tinangoona mdima ndi tinthu toyandama. Kenako kunatulukira khoma lalitali lopendekeka, litamera zomera za m'nyanja, nsomba zofiira zikulizungulira mwaulesi. Paliponse panalendewera zingwe zoyera ngati ndevu za chimanga. Amalume anasendeza nkhope pafupi ndi kanemayo n'kuloza kachitsulo kolendewera.

"Pulagi ya injini iyo ndi yanga. Ndinkamangirira kuti mbedza imire."

A Glenys anafotokoza zimene ankafuna. Sitima ya Aamerika inali ndi mfuti yaikulu pamsana, pamene ya Ajapani anaichotsa mfuti kuti pakhale malo a boti lonyamula mpunga. Kutsogolo mfuti sinaoneke, koma mwina inathyoka n'kugwera mumchenga. Chofunika chinali kuona kumbuyo. Amalume anandiuza kuti ndiwafunse ngati, sitimayo ikapezeka kuti ndi ya Ajapani, ndiye kuti bambo awo alimo. Mayiwo anati zitengera botilo. Ngati palibe, mwina anali atalitsitsa kale kuchilumba china, a Boski ali momwemo, ndipo angakhale atafera kwina kulikonse. Ngati lilipo, ndiye kuti anali asanafike kumene ankawafunira.

Kamakinako kanayamba ulendo wa kumbuyo, koma kasanafike kanakodwa m'zingwe zakale za amalume. Anakakoka movutikira, kanatuluka kataphwanyika nyali. Chitsulo chokonzera chinayenera kuchokera kutauni ya Kavieng, ndipo pomwepo mphepo ya kum'mwera inayamba, nyanja n'kuwinduka. Tinadikira.

Mkati mwa kudikirako, tsiku lina masana, a Kaminiel anafika pakhomo atanyamula nsomba yowotcha pa tsamba la nthochi. Anakhala moyang'anana ndi amalume n'kuyamba kudya mokweza, akunyambita zala.

"Wamva, msuweni? Zingwe zako zagonjetsa makina a azungu. Unkawedza kapena unkaluka ukonde? Idyako, usafe usanamve yankho. Ukafa ndani azindinyoza?"

Amalume sanaseke. Anati a Kaminiel akhoza kudya chifukwa sanadye bambo awo. Apo a Malpo, amene ankapala kokonati pakhonde, anaponya chopalira pansi.

"Bambo a Oliva, ndatopa nanu. Mwadya nsomba za pamenepo mpaka mano kutha, lero mukufuna muzibweze? Ndani anakulondolerani pamalo aja, nyanja yonseyi, anzanu akubwera chimanjamanja? Ngati apongozi anga ali pamenepo, simunawadye ayi. Amakudyetsani. Analephera kubwera ndi nsomba pakhomo, ndiye anakuitanani kuti muzikatenga nokha."

Ananena mokalipa chabe, n'kutola chopalira chija kupitiriza ntchito. Koma a Kaminiel anasiya kutafuna. Anayang'ana nsomba imene inali m'manja mwawo, anayang'ana msuweni wawo, n'kulavulira kumbali. Anafunsa ngati panali chaka chimene malowo anawamana, ndipo amalume anati ayi, ngakhale chaka cha chilala chija koko atauma m'minda. Anafunsanso ngati ana onse anadyako. Amalume anatchula ana awo, anatchula ine ndi abale anga, anatchulanso a Kaminiel eni ake, amene sanayambe akanapo mutu wa nsomba.

"Chabwino," anatero a Kaminiel. "Boti likapezeka pamsana pa sitimayo, madzi tikatunga pamenepo, nkhumba ndilandira. Koma yonenepa, osati yofanana ndi iwe. Likapanda kupezeka, usandifunsenso."

Amalume anavomera. Nsomba ija sanaikhudze, koma anapempha a Malpo kuti awaonjezere koko.

Mphepo italeka tinanyamuka m'mawa, nyanja ili bata. A Kaminiel anakwera nawo, akudandaula kuti boti la azungu lilibe polavulira. Amalume anatenga chigoba cha kokonati chotungira madzi, n'kuchibisa pansi pa mpando kuti asaoneke ngati ayamba kale kukhulupirira. Titafika pamalopo amalume anayang'ana phiri ndi mtengo wa kuseri kwa sukulu, n'kuuza woyendetsa kuti asendere pang'ono kumanja. Ankadziwa mbali imene mbedza zawo zinkakodwa kwambiri, ndipo kamakinako kanatsikira mbali inayo.

Khoma lija linaonekanso. Nyali inayenda m'mbali mwake, kudutsa pamalo ong'ambika pamene chitsulo chinapindikira m'kati, kudutsa kansanja kapakati kamene kanagwera cham'mbali. Ndinamva amalume akupuma pafupi ndi khutu langa, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona a Kaminiel atawagwira pamkono. Kamakinako kanafika kumbuyo n'kuima. Pa kanema panali chimulu cha zomera ndi nsomba, ndipo ine sindinazindikire kanthu.

A Glenys anauza woyendetsa kamakinako kuti abwerere pang'ono, akweze nyali, azungulire. Anatenga zithunzi zakale za sitima ziwiri zija n'kuziika pambali pa kanemayo. Anayang'ana nthawi yaitali, kuno ndi uko, chala chawo chikutsata mzere wa chinthu chokhala ndi mphuno yophwatalala ndi unyolo wopingasa. Anaitana mnzawo kuti naye aone, ndipo iye anagwedeza mutu movomereza. Kenako a Glenys anavula chipewa, anatembenukira kwa amalume, nayankhula pang'onopang'ono kuti ndimasulire bwino.

Sitimayo inali ya Ajapani, ndipo boti lachitsulo linali lidakali lomangidwa pamsana pake.