Dzanja Lamanzere M'thumba

Ntchito yonse m'shopu ya telala inali itatha. Mawaya anali m'mapaipi, masoketi a makina osokera atandandalikidwa m'mbali mwa khoma, ndipo satifiketi inali pa tebulo lodulirapo nsalu, mizere yonse itadzazidwa kupatula umodzi. Mzerewo unkafuna nambala ya magetsi amene angakhamukire m'bokosi logawa magetsi ngati mawaya atagundana. Nambala imeneyi saipeza magetsi ali ozimitsa. Umatsegula bokosi likadali lamoyo n'kulowetsamo dzanja.

Wamagetsi amene anagwira ntchitoyo anaima patsogolo pa bokosilo. Chitulukireni m'chipatala anali asanagwirepo bokosi lamoyo. Lomaliza limene anatsegula linamuphulikira kumaso sikuludiraiva itaterereka. Nsidze zinameranso, koma dzanja lamanzere linatsala lonyezimira ngati pulasitiki, ndipo fungo la waya wopsa ankalimvabe ngakhale akusamba.

Telalayo anali mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake. Anali atanena kale kangapo kuti eni nyumba salola shopu kutsegulidwa popanda pepalalo, ndipo atsikana osoka anawauza kuti ayamba mawa.

"Alamu, bokosilo mukulifunsira ukwati kapena?" anatero telalayo, mapini ali pakamwa.

Wamagetsiyo anayesa kuseka koma sizinatheke. Anaganiza zongolemba maampu 2,000 monga muyeso wa magetsiwo, nambala imene ankaipeza kawirikawiri m'mashopu ang'onoang'ono. Ndani akanabwera kudzayezanso? Anafika potola cholembera. Koma kuseri kwa khoma thiransifoma inkangong'ung'udza, ndipo iye ankadziwa kuti ikakhala pafupi chonchi magetsi amabwera ndi ukali wonse. Mabuleka amene anaika, odula magetsi pakachitika ngozi, ankatha kuletsa maampu 6,000. Kupitirira apo buleka sidula magetsi, imangosungunuka n'kulavula moto.

Anabweza cholembera. Anauza mlamu wake kuti atenge tsache la mpini wamtengo aime nalo cha pakhomo, ndipo akaona kuti iye wauma pamalo amodzi asamugwire ndi manja, amukankhe ndi mpiniwo mwamphamvu.

"Zaka zonsezi ndimasowa mpata wokumenyani," anatero telala uja. Koma mapini analavulira m'manja, ndipo tsachelo analigwira ndi manja awiri.

Wamagetsi anamasula chivindikiro. Mkuwa unaonekera, woyera bwino, uli phee ngati sungapweteke munthu. Anavala magalasi oteteza maso, n'kulowetsa dzanja lamanzere m'thumba la ovololo monga anaphunzitsidwa kalekale, kuti magetsi akamugwira asadutse pamtima popita kudzanja linalo. Tsiku la ngozi lija manja onse awiri anali m'bokosi.

Ndi lamanja lokha anapanikiza kachingwe koyamba ka mita yoyezera. Kenako anatola kachiwiri. Thukuta linatsikira m'magalasi. Anamva fungo lija, ngakhale panalibe chimene chikupsa. Anagwira mpweya, n'kukankha dzanja mpaka kachitsulo ka kunsonga kwa kachingweko kanaluma pamalo pake.

Palibe chinaphulika.

Anadina batani. Mita inaganiza kanthawi, kenako inaonetsa 0.03, kusonyeza kuti njira ya magetsi kuchokera ku thiransifoma inali yotseguka pafupifupi yopanda chotchinga. Anaika foni pa tebulo n'kugawa mavoliti 230 ndi nambalayo. Yankho linapitirira maampu 7,600, kuposa amene mabuleka ake akanatha kuletsa.

Anayang'ana pansi pa bokosilo. Panali kampando ka mmodzi wa atsikana osoka, ndipo pambali pake mipukutu ya nsalu itaunjikidwa mpaka m'chiuno. Mantha ena, ozizira kuposa oyamba aja, anamukwera kumsana.

Sanakhulupirire kuyeza kumodzi. Anachotsa zingwe, n'kuzibwezeranso m'bokosi. Nambala inatuluka yomweyo. Anagwetsa swichi yaikulu, ndipo fani ya kudenga inayamba kuzungulira mwaulesi mpaka inaima.

"Mawa simutsegula, alamu. Mabuleka onsewa ndichotsa, ndiika amphamvu."

Anayembekezera kukalipiridwa. Telala anangoyang'ana kampando kaja, kenako bokosi, n'kufunsa ngati pomaliza kusinthako adzayezanso magetsi ali oyaka. Iye anavomera ndi mutu.

"Ndiye tsacheli ndisaike patali," anatero. "Dzanjalo litulutseni tsopano, mwazimitsa."

Analitulutsa. Linali litafumbata nsalu ya m'thumba mpaka zala kuchita dzanzi. Anapanikiza nalo satifiketi pa tebulo, nalemba nambala ija mumzere wake, malo osainira n'kuwasiya opanda kanthu.