Nshawa za Nason

Nason, kamwana ka Petronella, kanatupa milomo futi katangodya porridge ya nshawa. Ku clinic ba nurse banakamba straight: "Ni allergy. Bana obadwa na khungu la vilonda nthawi zina bamachita so. Nshawa musamupatsenso, zingamuphe."

Ku nyumba bapongozi, ba Philomena, banaseka chabe. "Allergy ya chani? Mwana akatupa ni mdulo. Unagona na ndani iwe?"

"Amayi, ni nshawa."

"Bana banga seven banakulira nshawa!"

Mafactory atseka, piece work ukajomba tsiku limodzi bakuchotsa, ndipo Petronella alibe wina womusiyira mwana. M'mawa anamupereka m'manja mwa bapongozi. Asanafike pa gate anamva bayamba kusinja nshawa.