Asilikali a papepala

"Werenganso pamenepo, Morton, usadumphe mzere. Bukuli likuti chiyani?"

Lyson anali atagwada pamkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, pensulo ili kukhutu, chala chili patsamba. Anzake atatu anali atamuzungulira. Linali Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Mayi Anesi, anganga ake a Lyson, anali pakhonde akusenda mtedza woti akazinge m'mawa mwake. Maso awo anali mulichero, koma makutu anali pamkekapo.

Bukulo linachokera kuphiri. Lyson ankagwira ntchito yonyamula katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe. Ulendo wina mvula inawatsekera m'nyumba ya alendo masiku awiri, ndipo mzungu wina wachinyamata anamuphunzitsa masewera ake. Potsika anamusiyira buku ndi timadayisi ta makona ambirimbiri. Masewerawo anali achilendo. Panalibe mpira, panalibenso nkhomo zosuntha ngati pa bawo. Aliyense ankadzipangira munthu papepala, n'kumulembera dzina, mphamvu, nzeru ndi zida. Morton, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi amene ankatha Chingerezi, ndiye ankagwira buku n'kumasimba za dziko limene anthu a papepalawo akuyendamo. Akakumana ndi mdani, dayisi ndiye ankaweruza.

"Likuti munthu wako ukamupatsa chilema, umalandira mapointi owonjezera," anatero Morton.

"Basi!" anatero Lyson. "Ndiye lemba. Wanga ali ndi diso limodzi, mapointi asanu. Salankhula, khumi. Alibe mudzi, khumi enanso. Alibe mayi, alibe bambo, alibe m'bale ngakhale mmodzi, khumi ndi asanu."

Pilato, mnzake wonyamula naye katundu, anaseka mpaka kugona chagada. "Achimwene, ameneyo si munthu. Mwapanga chitsa!"

"Wanga ali ndi mkazi ndi ana awiri, ngati munthu weniweni," anatero Filipo.

"N'chifukwa chake sabata yatha Morton anakubera mkaziyo, iwe n'kupereka lupanga lako kuti umuwombole," anayankha Lyson. "Munthu amagwidwira pa abale ake. Wangayu mulibe pomugwira."

"Nanga mapointi makumi anayiwo ugula chiyani?" anafunsa Morton.

"Anthu. Tsegula tsamba lotsatira. Pointi imodzi, womutsatira mmodzi, bola akhale ndi dzina lolembedwa."

Morton anakanda m'mutu. "Munthu wosalankhula angakope bwanji anthu makumi anayi?"

"Bukuli lanena kuti alankhule? Ndionetse."

"Nanga azidya chiyani gulu lonselo?"

"Lanena za kudya? Ndionetse."

Morton anatembenuza masamba, kupita kutsogolo, kubwerera kumbuyo. Sanapeze kanthu. Anaponya bukulo pamkeka. "Iwe ukanapitiriza sukulu bwenzi ukumasula akuba kukhoti."

Apo mayi Anesi analeka kusenda.

"Iwe Lyson. Amuna anayi kugundanitsa mitu masana poyera, masiku ano? Odutsa pamsewuwa aziti mukupangana chiyani?"

"Ndi masewera, anganga."

"Masewera ake olemba? Bawo amalemba? Mawu apakamwa amapita ndi mphepo, koma cholembedwa chimakhala chete n'kumakudikira. Mbuzi ikakondwa, mwanawe, amalonda ali pafupi."

"Anganga awa amaopa ngakhale chithunzithunzi chawo," anatero Lyson, anzake n'kuseka.

Sankanama. Mayi Anesi anabwera m'dziko muno ali kumsana kwa amayi awo, kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo mtima wawo sunakhazikike kuti anafikadi. Khadi lachipani ankalimanga pa mfundo ya chitenje, osalisiya ngakhale popita kumtsinje. Anaonapo mphunzitsi wa m'mudzi mwawo akukwezedwa galimoto chifukwa cha kalata imodzi, ndipo mkazi wake ndi ana analandidwa munda. Mwana wawo wamkazi atamwalira anawasiyira Lyson akuyamwa. Anamulera ndi phala ndi machenjezo.

Anyamatawo anapitiriza. M'nkhani ya Morton munali mfumu yankhanza yokhala m'linga pamwamba pa phiri. Lyson anang'amba pepala m'kope lake lakale la sukulu, nalemba pamwamba dzina lake monga mwini wa gululo, ndipo pansi pake analemba kuti, Asilikali okagwetsa mfumu. Mayina opeka anamuthera atafika pa asanu ndi anayi. Ndiye anayamba kulemba a anthu amene ankawadziwa.

"Robson telala, mkondo!"

"Ameneyo mupatse sizasi," anatero Pilato.

"A Mackson, atcheyamani athu achipani, uta ndi mivi!"

Anaseka mpaka misozi. Analowetsamo othyola tiyi, akulu ampingo, mlonda wa kusukulu, mpaka anakwana makumi anayi. Kuseri kwa pepalalo anajambula njira yokwerera kulinga. Dzuwa lisanalowe mfumu ija inali itagwa, ndipo munthu wa Lyson sanalandire ngakhale bala limodzi. Morton anachoka akung'ung'udza kuti masewera aonongeka.

Lolemba m'mamawa Lyson anakwera phiri ndi alendo, ulendo wa masiku atatu. Atangozimiririka pamsewu, mayi Anesi analowa kuchipinda kwake. Anatenga buku lija, lokhala ndi chinjoka chamapiko pachikuto, nakaliika pamoto, tsamba ndi tsamba, mpaka linatha. Timadayisi anatiponya m'chimbudzi. Anapuma mpweya wautali. Anadziuza kuti apulumutsa mwana.

Kenako anakazinga mtedza wawo. Zaka zonse ankakulungira mtedzawo m'mapepala a makope akale a Lyson amene ankakhala m'katoni kunsi kwa bedi. Tsikulo anatenga kope limene linali pamwamba. Sanadziwe kuti Lyson anabwezera pepala lake m'kope lomwelo. Kwa iwo zolemba zonse zinali zofanana, mapazi a nkhuku padothi. Inu ana, chimene simutha kuchiwerenga musamachitulutse m'nyumba.

Pa msika wa Chitakale, chapamasana, panabwera mmodzi mwa anyamata achipani amene ankaima pachipata kufunsa makadi. Anagula mpukutu umodzi, naimirira pomwepo n'kumatafuna. Atatsiriza anafunyulula pepala kuti anyambite mchere. Nsagwada zake zinaima. Anawerenga kutsogolo, anatembenuza, anayang'ana njira yojambulidwa ija.

"Amayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

"Ndi la sukulu lakale, bambo."

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali. Anapinda pepalalo kanayi, naliika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Sanathamange. Anangoyenda.

Mayi Anesi sanadzuke pomwepo. Anagulitsa mtedza wonse mpaka mpukutu womaliza. Manja ankagwira ntchito okha. M'mutu munali zii, ngati m'mene makutu amatsekera munthu akamira m'madzi.

M'mawa mwake anayenda wapansi kukafika kumalaini, nyumba za antchito a ku esiteti, nakapeza Morton akutuluka kupita kuofesi. Anamuuza monong'ona. Morton anatsamira khoma.

"Pepala la mayina lija?"

"Kaya, mwanawe. Ine ndimadziwa pepala lina ndi linzake?"

"Musadandaule, anganga. Bukuli ndiye umboni wathu. Tikawaonetsa tsamba la mapointi, tiwaonetse madayisi, aona okha kuti ndi masewera. Thamangani mukalitenge."

"Ndinaotcha."

"Mwati bwanji?"

"Ndinaotcha dzulo. Ndimaopa."

Morton sanakalipe. Anayang'ana uku ndi uku m'laini monse, nakonza kolala ya malaya ake. "Anganga, inu kuno simunabwere. Ine kwanu sindinafikeko." Anakhoma chitseko napita.

Mayi Anesi anaganiza zokadikira pa Likhubula kuti amuuze mwanayo asafike pakhomo. Koma akanathawira kuti? Kutsidya kunali nkhondo. Ndipo nkhalamba yoima tsiku lonse m'munsi mwa phiri anthu akanaifunsa chimene ikudikira. Anabwerera kunyumba, anasesa pabwalo, anasesanso.

Lachitatu dzuwa litapendeka Lyson anafika, mapewa atatupa ndi zingwe za katundu. Anakhala pakhonde n'kuviika mapazi m'beseni.

"Anganga, mwangoti duu bwanji? Mwadwala?"

Anatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke galimoto inamveka ikukhota pamsewu. Munatsika amuna awiri achilendo ovala zovala wamba, pambuyo pawo a Mackson, atcheyamani aja. Nkhope ya a Mackson inali itatuwa. Iwonso anali atafunsidwa kale za uta ndi mivi.

Wamkulu wa alendowo anafunyulula pepala. Linali ndi madontho a mafuta a mtedza.

"Lyson ndiwe?"

"Ndine, bwana."

"Analemba izi ndani?"

Lyson anayang'ana, nayamba kumwetulira. "Aa, bwana, amenewo ndi masewera chabe. Anthu a papepala."

"A Mackson awa ndi a papepala?"

Kumwetulira kuja kunazima.

"Mfumu imene mukufuna kugwetsayi ndi iti?"

"Ya m'buku, bwana. Ndikuonetseni."

Analowa m'nyumba mapazi akudontha madzi. Anamveka akukoka katoni, akukutumula bulangete, akusuntha bedi. Atatuluka anayang'ana anganga ake. Iwo ankayang'ana beseni. Anayang'ananso pepala lamafuta lija m'manja mwa mlendoyo, ndipo anamvetsa zonse.

"Buku lili kuti?"

"Latayika, bwana."

"Unali ndi ndani polemba?"

"Ndinali ndekha."

Mlendoyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho limene amaliyembekezera. Kenako analoza pakhonde ndi chibwano.

"Nanga mayi awa, amene amagawa pepalali pamsika, ndi ndani wako? Kalankhulidwe kawo akuti n'ka kutsidya."

Pabwalo panali anthu ataima patali, palibe amene sankadziwa zimene zimachitikira abale a munthu wotengedwa pa mlandu wotere. Nyumba imapita, munda umapita, ndipo wobadwira kutsidya amakasiyidwa pamalire.

"Si kanthu kanga, bwana," anatero Lyson. "Ndimangogona m'nyumba mwawo. Satha kuwerenga, anangotola pepala. Ine ndilibe mayi, ndilibe bambo, ndilibe m'bale ngakhale mmodzi."

Mlendoyo anatembenukira kwa a Mackson. A Mackson ankadziwa bwino lomwe, pakuti anali nawo pa maliro a amayi ake a Lyson. Koma ankafuna kuti nkhaniyi ithere pa munthu mmodzi. Anayang'ana nsapato zawo.

"Ndi zoona, amayi?" anafunsa mlendoyo.

Mayi Anesi anaona mapazi a mwanayo padothi, mapazi omwe ankawachotsa matekenya ndi singano ali wamng'ono. Anadikira kuti mtima upweteke. Sunapweteke. Unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

"Ndi zoona, bwana."

Lyson anakwera galimoto wopanda nsapato. Sanacheuke.

M'masabata otsatira, anthu a pamndandanda uja anaitanidwa mmodzimmodzi. Ena anabwerako tsiku lomwelo, ena patapita masiku, Robson telala anabwerako akutsimphina. Onse anati mnyamatayo sankamudziwa kwenikweni. Pilato ndi Filipo analeka kudutsa njira ya pakhomopo. Morton anapempha kusamutsidwira ku esiteti ina. Za Lyson wina ankati ali kundende ya ku Zomba, wina ankati kundende ya kumunsi kotentha kuja, koma palibe amene ankanena mokweza.

Madzi a m'beseni muja anakhala pakhonde masiku anayi mpaka nkhuku zinawagubuduza. Mayi Anesi anatenga katoni ya makope nakaitaya m'chimbudzi momwe munapita timadayisi. Mtedza anapitiriza kukazinga, koma tsopano ankakulungira m'masamba a nthochi owamba pamoto.

Tsiku lina pamsika, mayi Rosie, mnzawo wakale wogulitsa chinanazi amene anali atapita kwa mwana wake ku Thyolo miyezi iwiri, anayala thumba lake pambali pawo.

"Anzanga, mwasiya mapepala? Zamasamba izi n'zachikale! Nanga mdzukulu wanu wa kuphiri uja ali bwanji? Adakakwerabe?"

Mayi Anesi anayang'ana kuchipata, kumene anyamata aja anaima akufunsa makadi. Anagwira mfundo ya chitenje chawo, khadi linalimo. Anapinda tsamba lina, nathiramo mtedza.

"Mwasokoneza ndi munthu wina," anatero. "Ine ndilibe mdzukulu."