Makutu a Takawira

Ku Mberengwa anthu ankadziwa kuti Takawira Hove akadutsa pamalo ndi makina ofufuzira golide, pamenepo palibenso chobwererapo. Takawirayo ndine. Makinawo anali a mkulu wanga Dzingai. Atamwalira anatsala m'manja mwa mkazi wake, amake Tsitsi, ndipo iwo anandipatsa kuti ndizigwira nawo ntchito, zopeza tizigawana. Wokumba anali msuweni wathu Chenjerai, munthu wamfupi wokonda nthabwala, amene ankaponya piki tsiku lonse osadandaula msana.

Ntchito imeneyi ndi ya makutu. Mbale ya makina, yozungulira ya kunsi kwa ndodo yake, umaiyendetsa pansi penipeni, kutsala pang'ono kukhudza dothi, mosathamanga, ndipo pomwe wadutsa umabwerezapo theka usanaponde phazi lina. Misomali ndi zitini zimakuwa, aliyense angazimve. Golide wokwiririka mwakuya sakuwa. Kamawu ka makina kamangotsika pang'ono n'kubwerera, ngati munthu wausa moyo m'chipinda china. Kamawu kameneko ndi kamene kanandimangira nyumba ya malata.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti makutu anga ankatha. Ndili mnyamata ndinagwira zaka zisanu ndi ziwiri pachigayo chophwanya miyala ku Shurugwi, ndipo phokoso lija linadzandipeza nditakula. Khutu lamanzere linayamba kulira lokha ngati nyenje, kenako lamanja linatsatira. Mkazi wanga akandiyankhula ali kumbuyo ndinkangoti "eya", kaya wafunsa chiyani. Sindinauze munthu.

Chilimwe chimenecho tinkagwira m'mbali mwa kaphiri kena ka miyala yoyera. Tinatha masabata asanu tikufukula mawaya ndi zidutswa za makasu basi. Chenjerai atayamba kufunsa, ndinati vuto ndi mabatire, tinagula ena. Kenako ndinati dothi lake lili ndi chitsulo chambiri, likusokoneza makina. Patsogolo pake ndinasowa chonamizira.

Amake Tsitsi ankaphika sadza, nsima yakwathu kuno, ndi matemba n'kumagulitsa kwa okumba m'tchire masana alionse. Tsiku lina atatibweretsera chakudya anapeza makina ndawagoneka padzuwa, ndiye anawanyamula n'kuwaika pamthunzi. Madzulo a tsikulo ndinali kumasitolo, amuna akumwa, ndipo wina anayamba kundiseka kuti Takawira watha, akagulitse makina agule mbuzi. Onse anaseka.

"Golide angaoneke bwanji," ndinatero, "pomwe mkazi wamasiye amagwiragwira makina anga tsiku ndi tsiku?"

Ine ndemwe sindinkakhulupirira zimenezo, koma amunawo anasiya kuseka n'kuyamba kugwedeza mitu. Sabata isanathe, palibe amene ankagulanso chakudya cha alamu anga. Ena ankawabweza ali patali, asanafike n'komwe pamaenje. Mkazi wanga anandiuza kuti wawaona akubwerera ndi ndowa zodzadza, sadza yonse n'kukathira nkhumba za oyandikana nawo. Ndinamva bwino lomwe tsiku limenelo, koma ndinangoti "eya".

Alamuwo sanabwere kunyumba kudzandifunsa. Patapita masiku khumi anatulukira kukaphiri kuja m'mawa, opanda ndowa. Anatipatsa moni mwaulemu, kenako anatambasula dzanja.

"Bambo aang'ono, poti akuti ndimawononga makina, ndipatseni ndiwawonongeretu. Ndi a mwamuna wanga."

Ndinawapatsa. Anavula mphete ndi chibangili n'kupatsa Chenjerai, ndipo ndinadabwa kuti akudziwa zoti chitsulo chapathupi chimanamiza makina. Ndinali nditaiwala kuti Dzingai ankayesera makinawo pabwalo pakwawo, iwo akuonerera. Anavala mahedifoni pamwamba pa duku, n'kulowa mumzere womwe ndinaumaliza dzulo lake. Mapazi anga ankaonekabe pafumbi.

Kagwiridwe kawo kanali kachilendo. Mbale inkakwera m'mwamba kumapeto kulikonse, ndipo ndinapezeka ndawauza kuti aitsitse, aziyenda pang'onopang'ono. Anamvera. Atayenda mapazi ngati khumi ndi asanu anaima, anabwereza, anabwerezanso chopingasa.

"Pano pakusintha," anatero, n'kundipatsa mahedifoni.

Ndinavala, ndinayendetsa mbale pamalopo kanayi. Ndinkangomva nyenje zanga zija. Ndinati mwina ndi mwala wachitsulo, miyala yotere imanamiza anthu osazolowera. Chenjerai anapempha kuti amveko. Anangodutsitsa kamodzi, nkhope yake n'kusintha. Anatenga piki.

Anapala dothi lapamwamba, alamu n'kudutsitsanso mbale, n'kunena kuti mawu akula. Anakumbanso, mawu anakulabe. Dzenje litafika m'mawondo, m'dzenjemo munakhala chete ndipo phokoso linasamukira pamulu wa dothi. Chenjerai ankatapa dothi kumanja n'kumalidutsitsa pambale, dzanja ndi dzanja, mpaka makina anakuwa moti ngakhale ine ndinamva. Anagawa dothilo pawiri, kenako pawirinso, n'kulavulira chomwe chinatsala. Kanali kachibulumwa ka golide kakukula ngati nzama. Dzuwa lisanafike pamutu, alamu anapezanso tiwiri mumzere womwewo, pomwe ine ndinali nditaponda dzulo lake ndikuimba mluzu.

Tikupuma, ndinakhala pamwala kuyang'ana kumbali. Patapita kanthawi ndinaona alamu akuyang'ana kumbuyo kwanga, kenako n'kuweramitsa mutu. Chenjerai anazungulira n'kudzaima patsogolo panga.

"Mkulu, ndakuitanani katatu. Ndinali pafupi ngati apa."

Ndinkayembekeza nthabwala, koma sinabwere. Pamenepo ndinaulula zonse, za chigayo chija, za nyenje, za mabatire omwe tinagula pachabe. Ndinkayankhula ndikuyang'ana nsapato zanga. Chenjerai anangoti masabata onse aja wakumba ngati chitsiru, n'kupita kukakhala patali.

Alamu anadikira kuti ndimalize, kenako anasendera kuti ndiziwaona pakamwa.

"Mukanandiuza kuti makutu akudwala, bambo aang'ono, bwenzi titapita limodzi kuchipatala ku Zvishavane. Matenda si mlandu. Koma inu munaona kuti kuli bwino anthu azindithawa ine."

Sanakalipe, ndipo sananene zondilanda makina. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndikafafanize mawu anga pomwe ndinawanenera.

Loweruka ndinapita kumasitolo. Ndinazungulira sitolo ya nyama kawiri ndisanalimbe mtima. Kenako ndinaima pakati pa amuna aja, ndinavula chipewa, n'kunena kuti ndinanama, amake Tsitsi sanawononge kanthu, ine ndi amene ndikugontha. Ena anaphulika n'kuseka. Wina anayamba kuyendetsa milomo popanda mawu kuti andiyese, anzake n'kumagwa ndi chiseko. Ndinaima pomwepo mpaka atatopa. Koma mkulu wina wotchedwa Zhou, amene amuna ambiri amamumvera, anati ndikungonena izi chifukwa mayiyo ndi mwini makina ndipo wandiopseza. Ndinalumbira, ndinatchula zibulumwa zitatu zija, Chenjerai anandichitira umboni. Zhou anati golide ameneyo ndiye akusonyezeratu kuti mayiyo ali ndi zake zomwe amadziwa. Ndinaona mitu ina ikugwedezekanso ngati tsiku lija.

Kuchipatala tinapitadi, ndipo amene anandiperekeza ndi alamu omwewo. Anamwino anati zomwe zinatha sizibwerera, ndingosamala zotsalazo. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha pasiteji ya basi, ndinadya mwamanyazi.

Tsopano makina amanyamula ndi iwo. Ine ndimayenda pambuyo pawo ndi piki, kusinthana ndi Chenjerai, amene anatha mwezi wathunthu asanasekenso nane. Ndinawaphunzitsa zomwe ndikudziwa: kukonza makina kuti agwirizane ndi dothi asanayambe, kusadumpha malo, kubwereranso m'dzenje golide akatuluka poti nthawi zina amagona awiri. Anagwira msanga, ndipo ali ndi chipiriro choposa changa. Zophika anasiya.

Amuna ena anabwera kudzawapepesa. Ena mpaka lero ayi. Mwezi wathawu tikudutsa pamaenje a gulu lina, munthu wina atawaona anathamanga kukachotsa makina ake m'njira n'kuwabisa kuseri kwa mtengo. Alamu anamupatsa moni n'kupitiriza ulendo. Ine ndinaima kuti ndimufotokozere, ndinayamba ndithu, koma munthuyo anayankha atatembenukira kumbali ndipo sindinamve zomwe ananena.