Makoma Anayi a Nevi Buluu

Mvula itayamba, tiyi anaphukira mothamangitsana, ndipo fakitale inkagaya usana ndi usiku. Lurdes anaikidwa m'gulu logwira usiku. Ankaweruka kukucha, n'kutsetsereka kanjira ka pakati pa minda ya tiyi mpaka kwawo, kuseri kwa Chitakale, m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga.

Koma tulo ndiye ayi. Nyumba yomwe anamanga ndi mwamuna wake asanapite ku Joni inali yopakidwa laimu mkati monse, ndipo dzuwa likangosuzumira pamwamba pa phiri, makoma ankawala ngati mbale yatsopano. Anapachika bulangete pazenera, kuwala n'kulowera pamwamba pa chitseko. Anadzifunditsa chitenje kumaso, thukuta n'kumudzutsa. Patatha milungu itatu ankayenda ngati munthu woyenda m'madzi, ndipo tsiku lina anathira mchere m'tiyi wa bambo ake.

Nzeru inamupeza m'minibasi pochokera ku Chonde. Kutsogolo kwake kunakhala mayi wina wovala juzi yabuluu woderako kwambiri, wotsala pang'ono kukhala wakuda. Lurdes anayang'ana msana umenewo, maso ake n'kupuma koyamba pa milungu yonseyo. Anadzidzimuka kondakitala akumugwedeza paphewa, atapitirira kale siteji yake.

Mawa lake analowa m'sitolo ya a Hussein, ogulitsa malata ndi penti, n'kuloza pakhadi la mitundu.

“Ameneyo timati nevi buluu,” anatero a Hussein. “Anthu amagulira mageti ndi zitseko. Inu mukufuna kupaka chiyani, mayi?”

“Kuchipinda.”

“Khoma limodzi?”

“Onse anayi.”

A Hussein anatsitsa magalasi n'kumuyang'anitsitsa. “Muzikhala ngati mukugona m'chitsime.”

“Ndikufuna zomwezo.”

Lamulungu sankagwira ntchito. Atabwera kutchalitchi anatulutsa bedi panja, anayala matumba a feteleza pansi, anamanga mpango kumutu, n'kutsegula chitini. Penti anali phee m'menemo, wonyezimira, wakuya moti anazengereza kuviikamo bulashi. Mzere woyamba pakhoma loyera unamuvuta. Wachiwiri unapepuka. Kenako dzanja linangoyenda lokha, kukwera ndi kutsika, chipinda n'kumazizira pang'onopang'ono ngati kunja kukubwera mtambo.

Lines, mnzake woyandikana naye, anasuzumira pazenera. “Amayi a Millie, mwatani? Nyumba ya anthu amoyo imeneyi? Millie akabwera kutchuthi kuchokera kusukulu adzathawa.”

“Akadzathawa adzagona kwanu,” anayankha Lurdes osatembenuka.

Amene ankamudetsa nkhawa anali bambo ake, a Americo. Iwo anawoloka mtsinje wa Ruo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, Lurdes asanabadwe, n'kuthyola tiyi mpaka msana unakana. Chimwalirire mkazi wawo ankakhala kwa mwana wawoyu, m'kachipinda ka kukhonde, ndipo mawu awo pa tsiku ankatha kukwana m'dzanja limodzi. Masana amenewo anabwera n'kuima pakhomo. Anayang'ana khoma lonyowalo nthawi yaitali, pakamwa pali potseguka pang'ono, kenako anabwerera kukachipinda kawo. Lurdes anakumbuka zomwe mayi ake anamuuzapo, zoti pothawa anabisala m'phanga masiku asanu osaona dzuwa. Anaganiza kuti wawabweretsera mdima umenewo m'nyumba, ndipo bulashi inamulemera. Komabe anamaliza, poti khoma lopakidwa theka linali loipa kuposa zonse.

Fungo litatha, anabwezeramo bedi. M'mawa woyamba kugonamo, anatseka chitseko n'kugona chagada. Makoma anaoneka ngati asunthira kutali. Ngodya zinasowa. Kadontho ka dzuwa kolowera pabowo la msomali padenga kanaima pakhoma kokhakokha, ndipo iye anakayang'ana mpaka kanayamba kuyandama. Cha m'ma leveni mvula inagwa pamalata, iye n'kuimva ali kutali, ngati ikugwera nyumba ya munthu wina. Analota bedi lake likutsetsereka mwakachetechete pakati pa mizere ya tiyi, masamba akupatuka kulipatsa njira. Anadzuka dzuwa litapendeka, patsaya pali mzere wa pilo, osadziwa kuti ndi tsiku lanji.

Lachinayi anachedwa kufika chifukwa anadzera kumsika. Atakankha chitseko cha kuchipinda anapeza bambo ake atakhala pansi, atatsamira bedi, miyendo atatambasula. Thupi lawo linkapendekera uku ndi uku pang'onopang'ono.

“Ababa, mwadwala?”

“Tseka chitseko, mwanawe. Ukulowetsa kuwala.”

Lurdes anatseka, n'kukhala pambali pawo. “Ndimaganiza kuti mtundu umenewu wakukhumudwitsani. Mukanena ndipakanso laimu.”

“Epa! Usayerekeze.” Anakweza chala n'kuloza khoma. “Wautenga kuti mtundu umenewu?”

“Kwa a Hussein.”

“A Hussein sanauonepo. Ine ndinauona.” Anatsitsa chala. “Ukachoka padoko la Quelimane, madzi amakhala ngati tiyi wamkaka. Ukayenda theka la tsiku amabiriwira. Mtunda ukangosowa kumbuyo, amasanduka chonchi. Chimodzimodzi, osasiyana ngakhale pang'ono.”

Lurdes anawayang'ana. M'moyo wake wonse ankawadziwa ndi dengu la tiyi kumsana ndi pulasitiki m'chiuno. “Inu munakwerapo sitima ya pamadzi?”

“Zaka ziwiri. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndikusenda mbatata kukhitchini. Tinkanyamula kokonati wouma kupita ku Beira, pobwera tinkatenga simenti.” Anaseka chapansipansi. “Masiku oyamba ndinasanza mpaka ndinapempha Mulungu anditenge. Kenako thupi linazolowera. Ndikamaliza ntchito ndinkakhala kumbuyo kwa sitima, miyendo ili lendee. Kuli nsomba zouluka kumeneko, Lurdes. Zimatuluka m'madzi ngati ziwala ukamayenda m'udzu, n'kuuluka mtunda wochoka pano kukafika pamjigo. Ina inagwera m'beseni langa la mbatata.”

“Nanga bwanji simunanenepo?”

“Ndinawauza amayi ako tisanakwatirane. Anati, ‘Mnyamata iwe, ngati ukundifuna ingonena, osati zonamazo.’ Anthu a kumapiri savomera kuti kuli madzi opanda tsidya. Ndiye titafika kuno, aliyense wofunsa ankafunsa za nkhondo. Munathawa bwanji, anafa ndani. Za sitima anafunsa ndani? Nanenso ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinangolota.”

Kunja nkhuku inatetera. Wina anadutsa akuitanira nthochi, mawu ake n'kuchepa mpaka kusowa.

“Pitirizani, ababa,” anatero Lurdes, n'kukwera pabedi osavula ndi juzi yomwe.

A Americo anapitiriza. Ananena za wophika wamkulu wa ku Goa, ku India, yemwe ankaimbira mapoto ake, za mchere womwe unkauma pamikono ngati ufa, za tsiku lomwe injini inazima iwo n'kuyandama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, popanda mphepo, madzi ali see ngati nsalu yositidwa. Mawu ena ankawanena m'Chilomwe, ena m'Chipwitikizi, osazindikira kuti asintha. Lurdes ankamva zina, zina n'kumudutsa. Bedi linayamba kupendekera uku ndi uku, ndipo sanadziwe pomwe bambo ake analekezera.

Kuyambira pamenepo zinkatero m'mawa uliwonse. Iye akafika, iwo ankakhala atamuphikira kale madzi osamba, kenako n'kukhala pansi pamalo pawo paja kusimba mpaka mwana wawo atagona. Nkhani zina ankazibwereza, ndipo nsomba ija inkakulirako nthawi iliyonse. Lines anamva mawu a mkuluyo kudzera pazenera, n'kudabwa kuti amatha kulankhula motalika chonchi. Tsiku lina analowa kuti angoona, anakhala pampando, ndipo anatuluka patapita maola awiri nyemba zake zitapserera pamoto.

Mvula itatha, tiyi anachepa, Lurdes n'kubwerera kogwira masana. Penti anali atatsala pang'ono pansi pa chitini. Loweruka lina pobwera kuntchito anapeza bambo ake atapaka okha khoma limodzi la kachipinda kawo, loyang'anizana ndi mphasa. Anapaka mokhotakhota, penti akuyenderera mpaka pansi, ndipo anawathera asanafike pamwamba, moti kumtunda kunatsala laimu woyera.

“Ndikagule wina timalize?” anafunsa Lurdes.

A Americo anapukusa mutu, akupukuta zala pa kansanza. “Pakwana pomwepo. Kumwambako kumakhala koyera chonchi ndithu.”

Anakoka mphasa kuisendeza pakati, anakhala pansi, n'kumuuza kuti potuluka atseke chitseko.